Phindu la Dimba la ku Chongwe Limadziwikira pa Msika wa Soweto

Usiku, anthu ambiri ali m'tulo, magalimoto odzaza mabokosi a matimati ndi mitolo ya repu amacoka m'madimba a m'boma la Chongwe kulowa mumsewu wa Great East. Kucokera pa tauni ya Chongwe kufika mu Lusaka pali makilomita pafupifupi 45, ndipo katundu wambiri amatsikira pa msika wa Soweto. Mlimi amene wakhetsa thukuta kwa miyezi itatu amadziwa ngati wapindula kapena waluza m'maola ocepa a m'bandakuca.

Boma la Chongwe, dziko la Asoli a Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II, lili ndi mwayi wokhala pafupi ndi mzinda waukulu umene anthu ake amafuna ndiwo tsiku ndi tsiku. Mitsinje ya Chongwe, Chalimbana ndi Kanakantapa imathandiza alimi kuthirira mbewu m'cilimwe. Komabe kulima bwino pakokha sikubweretsa ndalama. Mlimi afunika kudziwa mmene msika umayendera asanafese mbewu.

Pa Soweto ndi pamene amalonda a m'misika ya m'makomboni amapikula ndiwo zokagulitsa. Alimi ambiri akafika sagulitsa okha. Amapereka katundu kwa maejenti, amene amafuna ogula, kukambirana mtengo ndi kutengapo gawo lao, kawirikawiri K10 pa K100 iliyonse. Kafukufuku wa bungwe la Food Security Research Project wa mu 2010 anaonetsa kuti maejenti ena amauza mlimi mtengo wocepa kuposa umene agulitsira, n'kusunga yotsalayo. Ejenti wokhulupirika amathandiza, pakuti amadziwa ogula ndipo amatha kuuza mlimi pa foni mmene msika ulili. Ngakhale zili tero, ndi nzeru kuti mlimi aime pafupi ndi katundu wake ndi kumva yekha mtengo umene wogula wabvomera.

Mtengo pa msika uwu umatsatira kuculuka kwa katundu wa tsiku limenelo. Magalimoto akafika ambiri, bokosi la matimati limatsika mtengo dzuwa lisanakwere. Matimati akupsa ndi repu wothyola sangadikire mawa, conco mlimi amakakamizika kugulitsa pa mtengo uliwonse kuopa kubwerera nazo. Anyezi ndi wosiyana: akaumitsidwa bwino amasungika kwa miyezi, ndipo mwini wake angadikire kuti mtengo ukwere.

Nyengo nayo imasintha mitengo. Mvula ikatha, anthu ambiri amatsikira kumadimba nthawi imodzi, ndiwo zimaculuka ndipo mtengo umagwa. M'dzinja matimati amabvuta kulima cifukwa ca matenda a masamba amene amakonda cinyezi, ndipo misewu ya kumidzi imaonongeka. Amene wakwanitsa kukolola panthawiyi kawirikawiri amapeza mtengo wabwino, koma amaononganso ndalama zambiri pa mankhwala ndi mitengo yomangirira mbewu. Njira imene alangizi a zaulimi amalimbikitsa ndi kubzala pang'onopang'ono, kusiyanitsa masabata awiri kapena atatu, ndi kusakaniza mbewu monga repu, kabici, impwa ndi anyezi. Motero tsiku limodzi loipa pa msika siligwetsa banja lonse.

Pali mabvuto ena amene alimi akumana nao m'zaka zapitazi. Mu 2016 mbozi yochedwa Tuta absoluta inalowa mu Zambia ndi kuononga minda yambiri ya matimati. Mbozi iyi imabisala mkati mwa tsamba ndi cipatso, ndipo imazolowera msanga mankhwala ngati mlimi apopera mtundu umodzi wokhawokha. Mu January 2018, kolera itabuka mu Lusaka, boma linatseka misika ina ndi kucotsa amalonda m'misewu, ndipo alimi anasowa kogulitsa. Mu 2024 kunagwa cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'mitsinje ndi m'zitsime, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunaimitsa mapampu a alimi ambiri.

Alimi amene afuna kucepetsa ndalama zogulira feteleza ndi mankhwala ali ndi kophunzirira m'boma lao lomweli. Sukulu ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene ansembe a Cijezuwiti anayambitsa mu 1974, imaphunzitsa ulimi wogwiritsa nchito manyowa, kasinthasintha wa mbewu ndi njira zacilengedwe zotetezera mbewu ku tizilombo. Amene amapopera mankhwala ayenera kudikira masiku olembedwa pa botolo asanakolole, pakuti ndiwozo zimakathera m'mbale za anthu.

Soweto si msika wokhawo. Masitolo akuluakulu monga Shoprite, imene inafika mu Zambia mu 1995, komanso mahotela ndi masukulu ogonera, amagula ndiwo kwa alimi. Mtengo wao susinthasintha kwambiri, koma amafuna katundu wosankhidwa bwino, wofika pa tsiku logwirizana caka conse, ndipo ena salipira pomwepo. Mlimi wa dimba laling'ono payekha sangakwanitse zimenezi. Alimi akagwirizana m'kabungwe, angagawane masabata obzala, kulipira galimoto imodzi ndi kutuma munthu mmodzi wokambirana mtengo m'malo mwa onse.

Cida cotsika mtengo koposa pa ulimi uwu ndi buku ndi colembera. Mlimi amene amalemba ndalama za mbewu, feteleza, mafuta a pampu, aganyu, mabokosi, galimoto, msonkho wa pa msika ndi gawo la ejenti, amadziwa mtengo umene bokosi lililonse lamutengera. Akafika pa Soweto m'bandakuca, amadziwa mtengo umene angabvomere, ndipo caka cotsatira amadziwa mbewu ndi mwezi zimene zinamupatsa phindu.