Chiwaya cha Asibweni Anga pa Rumphi Boma

Aliyense amene anatsikapo minibasi pa Rumphi Boma akudziwa fungo limene limamulandira asanaponde n'komwe pansi: fungo la tchipisi ndi utsi wa nkhuni. Anzathu a ku America amagulitsa chakudya m'magalimoto okhala ndi khitchini m'kati, oyendayenda m'misewu. Kwathu kuno tilibe zotere. Tili ndi chiwaya chimene sichisuntha, ndiponso amayi a mabeseni a mandasi ndi zitumbuwa amene amathamangira pazenera la basi iliyonse. Ine ndifuna ndifotokoze za chiwaya, chifukwa tchuthi chathachi ndinakhala mwezi wathunthu ndikuthandiza amalume anga, kapena asibweni monga timanenera kwathu, ndipo gawo lina la fizi yanga limachokera pa chiwaya chawocho.

Chiwaya ndi chitsulo chophwatalala chimene amisiri amachisula kuti pakati pakhale polowa ngati mbale. Chimakhala pa mgolo wodula kapena pa njerwa, moto uli kunsi. Mafuta amakhala pakatipo, ndipo m'mbali mwake, momwe muli mokwera ndi mofunda chabe, ndimo amakankhira tchipisi chakupsa kuti mafuta azitsetsereka kubwerera pakati. Choncho chitsulo chimodzi chomwecho ndi poto, sefa, ndiponso tebulo, pakuti ogula ambiri amadyera pomwepo ataimirira, akubaya ndi kamtengo. Amene anaganiza zimenezi sanapite ku Polytechnic, koma mutu wake unkagwira ntchito.

Ntchito imayamba kusanache. Kusenda ndowa ya mbatatesi si masewera ayi, tsiku loyamba ndinadzicheka kawiri ndipo asibweni anangoti, "Iwe, manja a ku seminale amangodziwa cholembera basi?" Tikasenda timaduladula ndi kuviika m'madzi kuti isade. Pokazinga pali nzeru yake. Mafuta akakhala osatentha bwino, mbatatesi imawamwa, tchipisi chimakhala chofewa ndipo mwini wake waluza, popeza mafuta ndiwo chinthu chodula koposa zonse pa bizinesi imeneyi. Akatenthetsanso, kunja kumapserera m'kati muli mwauwisi.

Pa nkhani ya mafutayi m'pamene pagona vuto loyamba. Boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti m'chaka cha 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa mafuta ophikira unakwera zedi. Wogulitsa sangakweze mtengo wa tchipisi mwezi uliwonse, chifukwa makasitomala ake ndi a kabaza, makondakitala ndi ana a sukulu. Ndiye amachita ziwiri: amachepetsa mlingo, kapena amasunga mafuta a dzulo n'kungothirapo pang'ono atsopano. Mafuta otenthetsedwa kambirimbiri amada, amachita thovu, amafuka msanga, ndipo amawonongeka moti sakhalanso abwino m'thupi. Mukaona mafuta akuda ngati oyilo wa galimoto, pitani pa chiwaya china. Malonda amasinthanso ndi nyengo. Kuno ku Rumphi ndi kwa fodya. Misika ya fodya ikatsegulidwa, alimi a ku Bolero ndi ku Hewe amafika ndi ndalama m'thumba n'kuitanitsa tchipisi cha nyama kapena cha mazira. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, munthu amatha kukhala ola lathunthu akungothamangitsa ntchentche.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu, ndipo ambiri timalimvetsa molakwika. Mu Malichi 2022 m'dziko muno munabuka kolera, kuyambira ku Machinga, ndipo pofika m'chaka cha 2023 anthu opitirira 1,700 anali atamwalira. Boma lathu la Rumphi silinapulumuke. Nthawi imeneyo kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa m'masukulu ndi m'malo ena, ndipo makolo ambiri anayamba kuona chiwaya ngati mdani. Koma taganizani bwino. Tizilombo ta kolera timafa ndi moto. Mafuta okazingira amatentha kuposa madzi owira, kotero tchipisi chimene changotuluka kumene m'mafuta sichingakhale nato. Ngozi ili pa zinthu zimene sizinaone moto: saladi ya kabichi, tomato ndi anyezi yotsukidwa ndi madzi okayikitsa, beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse kuyambira m'mawa, mbale zotsukidwa m'madzi omwewo, ndi dzanja limene lalandira ndalama kenaka n'kutapa mchere. Tchipisi chimene chakhalitsa m'mbali mpaka kuzizira nachonso chabwerera m'manja mwa ntchentche.

Ine ndinakangana ndi asibweni pa za beseni. Ndinawapempha kuti tizithirira anthu madzi ndi jagi, pakhalenso sopo. Iwo anandiyankha kuti madzi sabwera okha, wina ayenera kukatunga, ndipo sopo amatha ngati mchere. Sanalakwe, ndipo ndinachita manyazi pozindikira kuti n'kwapafupi kuphunzitsa ukhondo pamene sindiwe wolipira. Tinagwirizana kuti wotunga madziwo ndikhale ine. Tinapeza ndowa ya mpopi, ndipo saladi tinayamba kuivundikira. Zoti akupitiriza tsopano pamene ndabwerera ku sukulu, ndikaona tchuthi chikubwerachi.

Pali chinanso chimene sitinathe kugwirizana. Ogula otenga amapatsidwa tchipisi chamoto m'kajumbo kopyapyala, pamene malamulo a m'chaka cha 2015 analetsa mapulasitiki otere, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Asibweni amati kasitomala sabwera ndi mbale yake. Majumbowo mumawaona nokha m'ngalande, ndipo mvula ikagwa amalowera ku mtsinje.

Makolo athu, mukabwera kudzationa ndipo mwaima pa Boma kuti mutigulire kenakake, musaope chiwaya. Yang'anani mtundu wa mafuta, pemphani chimene chikutuluka kumene pamoto, ndipo ngati simukuona madzi oyenda ndi sopo, saladiyo isiyeni. Tsabola yekha thirani ndithu, ife sitidandaula. Wogulitsa akakuikirani kabanyira, musaiwale kunena "yewo".