Kodi mumadziwa?

Anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi amapatsirana mabakiteriya a m'matumbo akamacheza.

Zimenezi zinaoneka m'nkhalango ya Gombe ku Tanzania, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. M'nyengo ya dzinja zipatso zimachuluka, choncho anyaniwa amayenda m'magulu akuluakulu, kudyera pamodzi ndi kutolana nthata m'ubweya. Pa nthawiyi mitundu ya mabakiteriya m'matumbo mwa nyani aliyense imachuluka, ndipo imafanana kwambiri ndi ya anzake. Chilimwe chikafika gulu limamwazikana, kufananako n'kuchepa.

Mwana amayamba ndi mabakiteriya ochokera kwa mayi wake, koma akakula ambiri amakhala atawatenga kwa anzake a m'gulu, ngakhale amene si abale ake.