Tiyirumu ngati kalasi ya chiyankhulo: zimene ndinaphunzira ku Kaluluma

Mawu oyamba

Alendo ambiri akafika m'mizinda ngati Paris kapena Cairo amakonda kukakhala m'malo omwera khofi kuti aone mmene eni dziko amakhalira. Kuno kwathu malo otere amapezeka makamaka ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo olowamo ambiri ndi anthu opeza bwino. Ngakhale khofi amalimidwa ku Misuku ndi kumapiri a Phoka, mlimi wamba samumwa kawirikawiri. Chakumwa chake ndi tiyi, ndipo malo ake ndi tiyirumu. M'chimangirizo ichi ndifotokoza chifukwa chake tiyirumu ndi malo abwino ophunzirirako moyo ndi chiyankhulo cha anthu, potengera sabata imodzi imene ndinakhala pa Nkhamenya, m'dera la Mfumu Yaikulu Kaluluma, pa tchuthi cha mwezi wa Juni.

Malo ake

Nkhamenya ili kumpoto kwa boma la Kasungu, m'mbali mwa msewu wa M1, munthu asanafike pa Jenda. Dera lonseli limadalira fodya. Pofika Juni masamba amakhala atachoka m'zigafa, mabelo adindidwa, ndipo alimi amakhala akudikira malole opita ku okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo.

Tiyirumu imene ndinkapitako inali kachipinda kamodzi ka njerwa zootcha, kokhala ndi matebulo awiri ndi mabenchi anayi. Kuseri kunali mbaula ndi ketulo yaikulu yakuda ndi mwaye. Mwini wake, mayi wachikulire, ankatsegula kusanache. Tiyi ankabwera m'kapu yapulasitiki yaikulu, wamkaka kapena wopanda mkaka, ndipo womwera ankasankha sikono, mandasi kapena chigumu. Palibe amene ankakhala payekha. Wofika aliyense ankapereka moni kwa onse, n'kukhala pamene pali mpata. Motero mlendo amapezeka ali m'kati mwa nkhani asanaimve mutu wake.

Ziyankhulo zitatu pa benchi imodzi

Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti mapu a ziyankhulo amene timajambula m'kalasi amabisa zambiri. Timaphunzira kuti Kasungu ndi kwa Achewa ndipo Mzimba ndi kwa olankhula Chitumbuka, ngati kuti pali mpanda pakati. Ku Kaluluma mpandawo kulibe. Mkulu wina ankalowa ndi moni wakuti "Mwawuka uli?" anzake n'kuyankha kuti "Tawuka makora." Mwini tiyirumu akamubweretsera kapu ankati "Yewo, amama." Koma akatembenukira kwa ine ankasintha nthawi yomweyo: "Nanga achimwene, kwanu n'kuti?"

Patapita masiku ndinayamba kuona kuti kusinthaku kuli ndi dongosolo lake. Moni, maliro, milandu ya minda ndi nthabwala za pachibale zinkayenda m'Chitumbuka. Nkhani za boma, mitengo ya feteleza ndi zimene zamveka pawailesi zinkakonda kubwera m'Chichewa. Mbewu imodzimodziyo inali "hona" akamakamba za m'munda, koma inkasanduka "fodya" akafika pa za msika. Manambala onse a malonda, monga makilogalamu ndi madola, ankatchulidwa m'Chingerezi.

Dongosolo limeneli lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Chinabwereranso pawailesi ya MBC m'chaka cha 1994. Zaka zonsezo Chitumbuka chinakhalabe m'nyumba, m'tchalitchi ndi m'malo ngati tiyirumu, pamene Chichewa chinazolowereka kukhala chiyankhulo cha maofesi. Zimene ndinkamva pa benchi paja ndi zotsatira za mbiri imeneyi.

Ngakhale Chichewa chenichenicho sichinali chamtundu umodzi. Achewa a ku Kasungu ankatchula "ŵanthu" ndi "ŵana", liwu lija la ŵ likumveka bwinobwino. Panalinso abambo ochokera ku Mulanje, Phalombe ndi Machinga, amene anabwera kudzalima fodya m'maesiteti. Iwowa ankati "anthu" ndi "ana", ndipo awiri mwa iwo ankanong'onezana m'Chiyao akafuna kuti ena asamve. Eni dera ankadziwa kwawo kwa munthu asanamalize n'komwe kupereka moni.

Mawu obwereka

Pafupifupi chilichonse cha patebulo chili ndi dzina lobwereka: tiyi, shuga, kapu, supuni, ketulo ndi sikono kuchokera ku Chingerezi, ndiponso mandasi kuchokera ku Chiswahili. Komabe mawuwa amatsatira malamulo a Chichewa. Popeza phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, mawu obwerekawo amaonjezeredwa lembo lotero kumapeto, monga mu kapu ndi supuni. Akalowa amapatsidwanso gulu la mayina. Timati tiyi wotentha ndi shuga wambiri, monga timanenera fodya wabwino, koma kapu yaikulu ndi ketulo yakuda. Palibe anakhala pansi kugawa mayinawa, komabe womwa tiyi aliyense salakwitsa.

Makope awiri

Pa shelefu ya mwini tiyirumu panali kope la ngongole. Anandiuza kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe ndipo ndalama zonse zalowa m'munda, ambiri amamwa polemba, kuti adzalipire akadzagulitsa fodya. Belo likabwezedwa ku okushoni, iwonso amadikira. Chotero kope laling'onolo limafotokoza chuma cha dera kuposa zambiri zimene ndinawerengapo.

Kope lachiwiri linali langa, ndipo ndi limene linandiphunzitsa kwambiri. Tsiku lachitatu ndinaopa kuti ndiiwala mawu ena, ndiye ndinalitulutsa n'kuyamba kulemba anthu akuyankhula. Chipinda chonse chinangoti zii. Bambo wina amene ankasimba za fodya wake anaimirira n'kutuluka, tiyi asanafike n'pakati pomwe. Mwini tiyirumu anabwera pafupi n'kundifunsa motsitsa mawu: "Kodi achimwene, mukulemba mayina a anthu? Ndinu a boma kapena a kampani?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Agogo ena anandifotokozera kuti kuderako munthu wa kope sabwera chabe. Kuyambira m'chaka cha 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, omwe amabwereketsa feteleza ndi zipangizo zina. Mlimi wotere akagulitsako fodya kwa mavenda kuti agule chakudya, amakhala kuti waphwanya pangano. Komanso m'chaka cha 2021 lamulo linaletsa ulimi wa matenanti, ndipo nkhani ya ana ogwira ntchito m'minda imatsatidwa kwambiri. Mwina bambo uja anaganiza kuti mawu ake akupita kumene angamutayitse ngongole ya chaka chamawa.

Ndinapepesa, n'kufotokoza kuti ndine wophunzira wa zaka 22 ndipo ndimalemba mawu okha, osati mayina. Ndinawerenga mokweza zonse zimene ndinalemba. Ena anaseka, n'kuyamba kundikonza pamene ndinalakwitsa Chitumbuka. Koma bambo uja sanabwerenso mpaka tsiku limene ndinachoka. Mayi aja anataya kasitomala wa m'mawa uliwonse chifukwa cha phuma langa.

Zoyenera kutsata

Kwa ophunzira anzanga ofuna kuyesa njira imeneyi, ndili ndi malangizo anayi. Choyamba, sankhani tiyirumu imodzi ndipo muzipitako nthawi yofanana tsiku lililonse, makamaka m'mamawa, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, phunzirani moni wa kuderako musanalowe. "Monire" mmodzi amatsegula pakamwa pa anthu kuposa mafunso khumi. Chachitatu, dzidziwitseni tsiku loyamba lomwe, ndipo pemphani chilolezo musanalembe kapena kujambula mawu pafoni. Chachinayi, kumbukirani kuti tiyirumu sikuonetsani mudzi wonse. M'sabata yonseyo amayi ambiri ankangogula masikono pakhomo n'kumapita, kotero zimene ndinamva zinali makamaka nkhani za abambo. Wofuna kumva chiyankhulo cha amayi apitenso kuchigayo, pamjigo ndi kumsika.

Mawu omaliza

M'chimangirizo ichi ndaonetsa kuti tiyirumu imasonkhanitsa ziyankhulo, mbiri ndi chuma cha dera m'kachipinda kamodzi, pa mtengo wa kapu ya tiyi. Ndaonetsanso kuti mawu amene wofufuza amawaona ngati zitsanzo za m'kalasi, kwa mwini wake ndi nkhani ya chakudya cha banja lake. Tsiku lomaliza mayi aja anakana ndalama yanga ya sikono, n'kunena kuti, "Mukabwerenso, koma kope lija muzilionetsa pakhomo." Ndikadzabwereranso ku Kaluluma ndidzayamba ndi zimenezo.