Kagoneniko usiku umodzi m'mbali mwa Mulunguzi

Anthu a m'tauni tili ndi kayankhidwe kathu tikamva zoti wina wanyamula tenti kukagona kuphiri. Timayamba taseka, kenaka n'kuti: "Zimenezo ndi za azungu. Ine zogona pansi ndinazisiya kumudzi." Mawu amenewa amamveka mu minibasi, amamveka mumsika wa Limbe, ndipo amamvekanso kwa anyamata ophunzira bwino a ku Chirunga, amene phiri la Zomba amaliona tsiku ndi tsiku ngati chipupa cha nyumba yawo koma zaka zinayi n'kutha osapondako phazi.

Ine lero ndikufuna nditsutsane nawo maganizo amenewa. Ndikuti wageni aliyense ndi wophunzira aliyense amene angathe ayenera kukagonako usiku umodzi pamwamba pa phiri la Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Kukongola kwa malowo ndi chifukwa chimodzi chabe. Chifukwa chachikulu n'chakuti madzi amene timamwa, matemba amene timagulitsa ndi matabwa amene timapikula, zonsezi mizu yake ili kumeneko, ndipo munthu sasamala chinthu chimene sanachionepo ndi maso ake.

Ulendo wake siwautali. Kuchokera ku Blantyre kufika mu tauni ya Zomba ndi makilomita pafupifupi 65, ndipo kuchoka m'tauni kukwera phiri ndi makilomita pafupifupi 10 pa msewu wokhotakhota. Amiyendo yolimba amadzera njira yapansi yotchedwa Potato Path, imene alimi ankatsitsira kachewere kumsika. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nsonga yayitali ya phirili, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Ndiye kuti mu ola limodzi munthu umachoka kotentha n'kufika kofuna juzi.

Malo omangapo matenti paphiripa alipo angapo. Amene ndimakonda ine ndi a m'mbali mwa mtsinje, kufupi ndi maiwe akale oweteramo nsomba za trout zimene azungu anabweretsa nthawi ya atsamunda. Musayembekezere zapamwamba ayi. Pamene ndinagonapo ine panali kapinga wosalala, mafuwa ophikirapo, chimbudzi, mlonda, basi. Zina zonse umabwera nazo wekha: ufa, ndiwo, poto, mthiko, machesi, tochi, mkeka ndi bulangete lochindikala. Wailesi siifunika, pakuti Mulunguzi salekeza kulankhula usiku wonse.

Dzuwa likangolowa kuzizira kumatsika ngati wina watsegula chitseko cha filiji. Mwezi wa Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera, nkhungu imakuta mitengo mpaka mnzako amene ali mapazi khumi osamuona, kungomumva kutsokomola. Apo ndi pamene moto umakoma. Nsima yophika ndi madzi a mumtsinje, ataphitsidwa bwinobwino, kudyera matemba othira tomato, anthu mutazungulira moto, ndikuuzeni abale, palibe lesitilanti ya m'tauni imene ingafaneko. Chakudya chotsala mutsekere bwino kaamba ka anyani ndi apusi, amene m'mawa amabwera kudzayendera alendo osaitanidwa. Ndipo musanakhome tenti muyang'ane pansi ngati sipakudutsa linthumbwi, chifukwa mukaligonera panjira yake mudzavina gule amene simunaphunzirepo.

Kukacha, tsatirani mtsinje. Chakumtunda kuli mathithi a Williams, chakumunsi kuli mathithi a Mandala, ndipo mukapitirira mufika pa damu la Mulunguzi, limene ntchito yolimanga inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Imani pamenepo muyang'ane bwino. Madzi amenewo ndi omwe bungwe la Southern Region Water Board limatsitsira mu tauni ya Zomba. Mayi wogulitsa thobwa pa depoti, mnyamata wotsuka magalimoto, odwala pa chipatala chachikulu, asilikali a ku Cobbe Barracks, ophunzira a pa Chancellor College, imene lero ndi University of Malawi, onsewa mpopi wawo umayambira pa kamtsinje kamene kanakugonekani tulo usiku uja.

Madzi otsala sathera pomwepo. Mulunguzi amakathira mu Likangala, ndipo Likangala pamodzi ndi Domasi, amenenso amachokera m'mapiri omwewa, amakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho moyo wake umadalira mvula ndi mitsinje yoidyetsa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ouma ku Kachulu. Inu amayi a matemba mu Ndirande ndi m'Bangwe mukukumbukira mmene mtengo wa lichero unakwerera zaka zimenezo, ndi mmene ena anasiyira geni. Zoona, chophwetsa Chilwa kwenikweni ndi kuchepa kwa mvula zaka zotsatizana. Koma mitsinje ikamabwera ndi matope m'malo mwa madzi, n'kumauma msanga chilimwe chisanafike pakati, nyanja imene ikudwala kale imasowa pogwira.

Apa ndi pamene nkhalango imalowa mu nkhaniyi. Mvula ikagwa pamalo a mitengo, masamba amaichepetsa mphamvu, zinyalala za pansi zimaimwa ngati thonje, mizu n'kuilowetsa m'nthaka. Madzi amenewo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mwezi wa Okutobala. Koma ikagwa pa phiri lometedwa mpala, imathamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi, n'kukalitaya m'damu. Damu likadzaza matope limasunga madzi ochepa, ndipo madzi amatope amadya ndalama zambiri kuti ayeretsedwe. Mapeto ake bilu imakwera, mpopi umangotulutsa mpweya.

Izi ndinaziphunzirapo m'kalasi ngati wina aliyense. Koma kuzimvetsa ndinazimvetsa m'mawa wina nditachoka pamsasa n'kuyenda mphindi makumi awiri zokha. M'mbali mwa mtsinje munali mdima wa mitengo yachilengedwe, zilambe zikulendewera, miyala ili ndere zokhazokha, madzi oyera mbee. Nditangokwera kachitunda, ndinapezeka ndili pambalambanda: zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto, dzuwa likuswa mtengo palibe ndi mthunzi womwe. Panjira ndinakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi abambo atanyamula matabwa pamutu, onse akutsikira kutauni.

Amayi amenewo sindikuwaweruza. Ali ndi ana ofuna kudya, ndipo mtolo umene amatsika nawo phiri lonse lija phindu lake silifika ndi pa sopo ndi mchere wa sabata. Funso ndinadzifunsa n'lakuti: nkhunizi zikupita kwa yani? Matabwawa akukathera pa shedi ya yani? Yankho lake ndi ife. Ndife a m'tauni amene timaphikira makala magetsi akazima, ndife timawotcha njerwa, ndife timapikula matabwa otchipa osafunsa kuti achekedwa kuti ndipo ndi chilolezo cha yani. Nkhwangwa ili kuphiri, koma mpini wake tagwira ndife.

Tisasokoneze zinthu. Mitengo yambiri ya paphiri la Zomba ndi paini, wobzalidwa dala kuyambira nthawi ya atsamunda kuti adzachekedwe matabwa. Kudula paini wokhwima si mlandu, ndi kukolola ngati mmene timakololera chimanga. Koma paini amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime. Vuto limabwera pamene takolola osabzalanso, pamene tabzala koma mbande zapsa ndi moto wa osaka mbewa mwezi wa Seputembala ndi Okutobala, ndi pamene nkhwangwa yatha paini n'kulowa m'mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mitsinje, imene palibe anaibzala ndipo kuti ibwerere pamafunika mibadwo. Malamulo alipo. Pali lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020 makamaka pa nkhani ya makala opanda chilolezo. Chaka chilichonse nyengo ya mvula akuluakulu amajambulitsa akubzala mitengo. Koma ndani amabwerera mwezi wa Ogasiti kukaona ngati mbande zija zili moyo?

Phiri likakwiya silisankha. Akuluakulu a ku Zomba amasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi, miyala ndi matope zinatsika phiri n'kukokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Makolo ankati ndi chinjoka chimene chimasamuka kuphiri kupita kunyanja. Mu Malichi 1991 zinachitikanso ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anatisiya. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, mkati mwa mzinda wa Blantyre. Mvula yoopsa chotere imatha kugumula ngakhale phiri la mitengo, monga zinakhalira mu 1946. Koma phiri lopanda mizu yogwira dothi limagumuka msanga, ndipo amene amakhala m'munsi mwake ndi ife omwe, ageni ndi ana asukulu a m'nyumba za lendi.

Tsono wina ati: zonsezi tamva, nanga kugona m'tenti kukuthandizapo chiyani? Kukuthandiza m'njira zitatu.

Choyamba, maso. Malo amene anthu amafikako kawirikawiri ndi ovuta kuwaba. Wocheka matabwa mozemba amakonda nkhalango yopanda mboni. Gulu la ophunzira makumi awiri likamagona m'mbali mwa Mulunguzi mwezi uliwonse, n'kumabwerako likufunsa kuti mitengo inali apa ija yapita kuti, a zankhalango ndi aphungu amayamba kuchita manyazi.

Chachiwiri, ndalama. Anthu a m'midzi yozungulira phirili amapeza kangachepe kuchokera kwa alendo. Pali anyamata operekeza anthu ku dzenje la Chingwe, ku Queen's View kumene anaimako mayi a mfumukazi ya ku Mangalande mu 1957, ndi ku Emperor's View kumene anafikako mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Pali ana ndi amayi ogulitsa masitiroberi ndi zipatso zina m'mbali mwa msewu, pali osema ziboliboli, pali a kabaza. Onsewa amadikira mzungu, ndipo mzungu amabwera nyengo yake. Mliri wa Covid-19 utatseka maulendo a ndege mu 2020, anthu amenewa anakhala manja lende, ndipo munthu wanjala amene ali pafupi ndi nkhalango mukudziwa chimene amachita. Inu a geni mukudziwa bwino kuposa ine kuti kasitomala wa tsiku ndi tsiku, ngakhale agule zochepa, amaposa wolemera wobwera kamodzi pachaka. Ifeyo ndiye tingakhale kasitomala ameneyo.

Chachitatu, mtima. Mwana amene wasambapo m'madzi ozizira a Mulunguzi, n'kuona kumene akuchokera, akadzakhala mkulu wa boma kapena mwini shedi ya matabwa sadzasaina pepala mwachisawawa.

Za ndalama musadandaule kwambiri. Ku Chawe kuli hotela ya anthu a matumba olemera, koma pamsasa mumalipira malo ogona okha, chakudya n'chanu chomwe mukadadya kunyumba. Tenti mukhoza kubwereka kapena kusonkherana anthu anayi, ndipo m'kaunjika amapezeka. Ambiri mwa inu mumataya zoposa pamenepo Loweruka limodzi ku bala. Za nthawi nazonso: kukwera Loweruka masana mutatseka geni, kutsika Lamulungu madzulo. Kodi si ife omwe timagona panja pa maliro masiku awiri, kapena pa depoti kudikira basi ya ku Mzuzu, kapena pa chigono cha mpingo? Kugona pansi timakudziwa kale. Chimene sitinazolowere ndi kugona pansi mwa kufuna kwathu, pamalo okoma.

Mukapita, pitani mwaulemu. Safunsa anadya phula: funsani alonda malo ololedwa kusonkha moto, ndipo tengani woperekeza wa komweko mukafuna kuyenda mtunda wautali, chifukwa nkhungu ikatsika njira zonse zimafanana. Musayende nokhanokha, makamaka atsikana, ndipo uzani wina kumene mwalowera. Musadule mtengo wauwisi, tolani zouma kapena bwerani ndi mbaula yanu. Moto muuzimitse ndi madzi mpaka phulusa lizizire. Sopo ndi zotsukira mbale zikhale kutali ndi mtsinje, pokumbukira kuti kumunsi kuli anthu akumwa. Majumbo ndi mabotolo mutsike nawo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Nthawi ya dzinja mtsinje umadzaza mwadzidzidzi, choncho tenti isakhale pamphepete penipeni.

Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo azungu anaisankha kaamba ka phiri lomweli, mphepo yake ndi madzi ake. Iwo anapita, phiri anatisiyira. Tikapitiriza kunena kuti kukagonako ndi za azungu, ndiye kuti tavomereza kuti ife gawo lathu paphiripo ndi nkhuni ndi makala basi. Inu atsogoleri a mabungwe a ophunzira, inu a komiti ya msika, inu a mabanki a m'mudzi amene mumagawana ndalama mu Disembala, ikani ulendo umenewu pa ndondomeko yanu chaka chino. Mukabwerako mudzatiuze zimene mwaona, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo wogulitsa matabwa akadzakuuzani mtengo wotsika modabwitsa, mudzamufunse kumene awacheka. Madzi akatayika saoleka.