Galimoto ikakana kulira, dalaivala ayambe wamvetsera

Dedza, Mana: Pa Golomoti m'boma la Dedza ndi pamphambano pomwe msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja umakumana ndi wa Khwekhwerere wochokera ku Masasa komanso wolowera ku Monkey Bay. Galimoto zambiri zimaima pamenepa kutsitsa ndi kukweza anthu, ndipo si zachilendo kuona ina itakana kulira nthawi yonyamuka itakwana, m'katimo muli nsomba zamalonda kapena wodwala wopita ku chipatala cha Mua.

Zikatere madalaivala ambiri amathamangira kuitana anyamata okankha, ena kukagula batire latsopano. Komatu phokoso limene galimoto imachita kiyi akapotokoledwa limaloza kumene kuli vuto, ndipo wolimvetsera saononga ndalama pa chinthu chimene sichinafe.

Ngati galimoto yangoti zii, magetsi a pa dashibodi osayaka, kapena ikungomveka kuti tetete injini osatembenuka, vuto lili ku batire. Kawirikawiri batirelo limakhala lili bwinobwino, koma mitu yake yomangapo mawaya yakhwefuka ndi mabampu kapena yachita ufa woyera wotchinga mphamvu. Ufawu umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda yemwe amayi amaphikira therere. Pomasula, waya wa chizindikiro cha (-) ndiye woyamba kuchotsa ndiponso womaliza kubwezera.

Makaniko amene ali ndi kachipangizo koyezera magetsi amathetsa mkangano msanga. Batire lodzaza limasonyeza ma volt pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndipo likatsika kufika pa 12.0 ndiye kuti mphamvu yambiri yatha. Injini ikulira, nambalayi iyenera kukhala pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikachepera pamenepa, alitaneta, chipangizo chodzaza batire galimoto ikamayenda, ndiye ali ndi vuto kapena lamba wake wakhwefuka. Apa batire latsopano nalonso silichedwa kufooka.

Kutentha kwa kuchigwa kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa madzi a m'batire ndi kufupikitsa moyo wake. Mabatire okhala ndi zitsekerero amafunika kuwonjezera madzi osungunula ogula m'sitolo, osati a pamjigo, chifukwa mchere wa m'madziwo umawononga m'kati. Palinso chizolowezi chochotsa batire usiku n'kukalizira wailesi kapena kuunikira m'nyumba. Mabatire a siteshoni ya magetsi a dzuwa ya ma megawatt 20 ya pa Golomoti, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2022, adapangidwira kudzaza ndi kutha tsiku ndi tsiku, koma la galimoto ayi. Likaphwa kotheratu kangapo, silibwereranso mwakale.

Kukankha kudali mankhwala m'masiku a galimoto za giya yapamanja. Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zomwe zikunyamula anthu masiku ano, monga Toyota Sienta ndi Honda Freed, n'zosintha zokha magiya ndipo sizilira ndi kukankha ngakhale anyamata atachuluka bwanji. Izi zimafuna kubwereka mphamvu ku galimoto ina. Waya wofiira amalumikiza (+) wa batire lakufa ndi (+) wa lamoyo. Wakuda amachokera ku (-) wa lamoyo n'kukagwira chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire, poti batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Kusemphanitsa mawayawa kumapsereza mafyuzi, mwinanso kompyuta ya galimoto, yomwe mtengo wake ndi wowawa.

Galimoto zoterezi sizilolanso kulira giya ikakhala kuti siili pa P kapena N. Ngati magetsi akuwala bwino koma pakungomveka kugogoda kamodzi, wokayikitsa ndi sitata.

Nkhani imasintha injini ikamatembenuka mwamphamvu koma osagwira moto. Apa batire lilibe mlandu. Chosowa ndi mafuta kapena moto wa mapulagi. Kiyi akafika poyatsa magetsi, pampu ya petulo imang'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu cha ku thanki. Ikakhala chete, poyambira ndi fyuzi yake, yomwe ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi pampuyo. Ya dizilo ikatheratu mafuta imakoka mpweya m'mapaipi, ndipo mpweyawo umayenera kupopedwa kaye ndi kapampu kapamanja ka pa fyuluta. Sitata isatembenuzidwe kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, chifukwa imatentha.

Mafuta a m'zigubu, omwe anthu adawadalira pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2011 komanso kuyambira mu 2022, ndi gwero lina la mavutowa. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino, madzi amadikha pansi, pomwe pampu imayambira kukoka. Galimoto yomwe yazima itangothiridwa mafuta otere imafunika kukhuthula thanki ndi kusintha fyuluta. Malonda a mafuta opanda chiphaso cha bungwe la MERA ndi oletsedwa, choncho wogula sakhala ndi kokadandaula.

Choopsa kuposa zonsezi ndi kuyesa kuliza galimoto poitsetsereka pa Khwekhwerere. Injini ikazima, mabuleki amalimba akangopondedwa kawiri kapena katatu, chiwongolero nacho chimalemera, pamene msewuwo ndi wa makona okhaokha ndi maphompho. Galimoto yofera pamtunda umenewu iyenera kumangidwa handibuleki, kuikiridwa miyala kumatayala ndi zikwangwani zochenjeza kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo okwera atsike n'kuima kunja kwa msewu podikira makaniko.