Maiki ya riboni siifuna preamp wamba

Inu ogulitsa zipangizo zamagetsi mumsika, ndi inu amene mukusunga makwacha oti mutsegulire situdiyo yojambula nyimbo, tcherani khutu. Maiki ya riboni, monga Royer R-121 yomwe idatuluka mu 1998, imatulutsa mawu okoma zedi, koma imafuna kuisamala ngati dzira.

Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwabasi. Nchifukwa chake imafuna preamp, chipangizo chokweza mawu, yofika ma dB 60 mpaka 70 popanda phokoso. Mikisa yotchipa mukaikwezera kumapeto, mungomva kuti shwaaa ngati chipisi pachiwaya.

Chenjeraninso ndi batani la 48V. Waya akalumikizidwa molakwika, magetsi amenewa atha kuwononga riboni, ndalama zanu nkulowa m'madzi. Koma Royer R-122 siigwira ntchito popanda 48V, choncho funsani kaye mtundu wake.

Ngati thumba laperewera, kabokosi ka Cloudlifter CL-1 kamaonjezera ma dB mpaka 25, ndipo sikadutsitsa magetsi aja kupita ku maiki.

Musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsa ailumikize mumve nokha. Kuona maso a nkhono nkudekha, abale!