Bongololo wasanduka chiweto kwa Azungu

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, njira za ku Chileka ndi Lirangwe zimadzaza abongololo. Ana amawatosa ndi kamtengo kuti adzipinde ngati nkhata, amayi amawasesera kudzala. Koma kodi mukudziwa, abale anga, kuti ku Ulaya ndi ku America anthu amatulutsa ndalama m'thumba kugula bongololo yemweyu n'kumamuweta m'nyumba?

Inetu sindikunena nthabwala. Wokondedwa kwambiri ndi chimphona cha abongololo, chomwe akatswiri amachitcha Archispirostreptus gigas. Kwawo n'konkuno kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya, Tanzania mpaka kwa anansi athu ku Mozambique. Chimakula mpaka kupitirira masentimita 30, kuposa lula ya mwana wasukulu, ndipo chikasamalidwa chimakhala ndi moyo zaka 5 mpaka 7.

Kawetedwe kake n'kosavuta. Amamuika m'bokosi lagalasi, pansi n'kuthira dothi lachinyezi lokwanira kuti azidzikwirira. Chakudya chake ndi masamba oola, mitengo yofumbwa, apo ndi apo kachidutswa ka nkhaka kapena nthochi. Amamuperanso zikamba za mazira kuti khungu lake lilimbe. Dothi likangouma, bongololo amafa. Akamafundula amakabisala pansi, ndipo kumufukula nthawi imeneyo n'kumupha. Paja akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu.

Ambiri kuno timamusokoneza ndi nankalizi. Nankalizi amaluma, amathamanga, ndipo ali ndi miyendo iwiri pa mfundo iliyonse ya thupi lake. Bongololo ali ndi inayi pa mfundo, amayenda mwaulemu, saluma munthu. Chida chake ndi timadzi tonunkha tomwe timadetsa khungu ndipo tikalowa m'maso timawawa zedi. Mwana akamugwira, asambe m'manja basi. Za miyendo 1,000 zija, chimphonachi chili ndi pafupifupi 250 yokha. Woyamba kupezeka ndi yopitirira 1,000 analengezedwa ku Australia mu 2021, ndipo anali nayo 1,306.

Tsono ndikudziwa kuti mnyamata wina pa Lirangwe wawerenga izi n'kuyamba kale kuwerengera: thumba limodzi la abongololo, bwalo la ndege la Chileka lili pafupi pompa, ndalama zija zabwera. Dekhani kaye achimwene! Mu Epulo 2025, anyamata awiri a ku Belgium anagwidwa ku Kenya ali ndi nyerere zamoyo pafupifupi 5,000 zoti akagulitse kwa oweta kunja. Khoti linalamula aliyense kulipira mashilingi 1 miliyoni kapena kukaseweza chaka kundende. Nyerere zenizenizi! Kuno kwathu lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, choncho musanatole ngakhale mmodzi woti atuluke m'dziko, kafunseni kaye ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Ku America nakonso bongololo wakunja salowa popanda chilolezo cha boma.

Kwa ine, phindu lenileni la bongololo lili m'munda momwemo. Amadya mapesi ndi masamba oola, zitosi zake n'kusanduka manyowa aulere, pamene thumba la feteleza likulilitsa alimi chaka ndi chaka. N'zoona kuti zinyalala zikasowa amatembenukira ku mbatata ndi mtedza wongomera kumene. Koma akumulanda chakudya ndani? Ndife tomwe, tikamatentha mapesi ndi tchire posaka mbewa, tikamagwetsa mitengo kuti matumba a makala atsikire ku Blantyre panjinga usiku ndi usana.

Amene mukufuna kumuweta, yesani. Chidebe chakale choboola timabowo pachivundikiro, dothi ndi masamba, mwatha, ndipo ana asukulu aphunzirapo zambiri. Koma musanayatse machesi m'munda chaka chino, kumbukirani kuti mukuotcha wantchito amene sanakufunseni malipiro n'kamodzi komwe.